Mpanda suletsa mtsinje: majumbo ndi zamoyo za m'madambo a Malombe

Mu Okutobala, dzuwa la ku Mangochi likafika paliwombo, ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kukaunjikana pansi pa mtengo wa mango. Madzi a m'nyanja amakhala akutsika tsiku ndi tsiku, magombe akukula, ndipo timitsinje totsika kumapiri a ku Namwera tasanduka mchenga wokhawokha. Ukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi m'mamawa n'kuyang'ana kumunsi, mtsinje wa Shire umaoneka waulemu: mabwato akuwoloka, amayi akuchapa, kakowa waima ndi mwendo umodzi m'madzi osaya. Koma tatsikani mufike pamene madzi akumana ndi bango. Majumbo abuluu akodwa pabango ngati zovala zoyanika. Pansi pali timabotolo ta mowa, patapata mmodzi wopanda mnzake, thewera la mwana lotupa ndi madzi, ndi chidutswa cha neti ya udzudzu chokwiririka theka m'matope.

Zinthu zimenezi sizinafike pamathero. Zili pa ulendo, ndipo kumene zikulowera ndi kumalo amene ambirife timawayesa otetezeka.

Shire ndiye khomo lokhalo limene madzi a nyanja ya Malawi amatulukira. Mtsinjewu ukachoka m'nyanja umadutsa pa boma la Mangochi, umayenda mtunda wochepa, kenako umamwazika n'kukhala nyanja ya Malombe. Malombe ndi yotakata koma yosaya. M'litali ndi makilomita pafupifupi 30, m'lifupi pafupifupi 15, koma kuya kwake ndi mamita ochepa chabe, moti mphepo ikawomba mwamphamvu madzi amavunduka mpaka pansi. M'mbali mwake muli madambo a bango, gumbwa ndi njedza. Kumwera kwa nyanjayi madzi amapanikizikanso n'kukhala mtsinje, ndipo pamenepo alowa kale m'paki ya Liwonde.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo mu 2018 nkhalango yotetezedwa ya Mangochi inaphatikizidwa m'ntchito yomweyo. Zimene zachitika kumeneko n'zoyamikika. Anamanga mpanda wamagetsi, anachotsa misampha ya waya yosawerengeka, anabweretsanso mikango mu 2018 ndi zipembere 17 kuchokera ku South Africa mu 2019. Njovu zinachuluka mpaka mu 2022 zokwana 263 zinasamutsidwira ku Kasungu. Mpandawo umaletsa wopha nyama mozemba kulowa, umaletsanso njovu kukathyola chimanga cha anthu. Koma pamene Shire akulowera m'paki palibe waya umene ungaimitse madzi. Jumbo imene yatayidwa pa msika wa pa boma, kapena pa doko la kwa Chimwala, ilibe chitupa chimene ingafunsidwe pachipata.

Kuti timvetse kuopsa kwake, tiyambe taona zimene zimachitika m'madambowa nyengo yotenthayi. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, zithaphwi za m'nkhalango ya tsanya zimauma n'kung'ambika, ndipo nyama zonse zimatsikira kumtsinje. Njovu zimalowa m'bango mpaka m'mimba, zikuzula ndi chitamba n'kumakutumula matope zisanaike m'kamwa. Anakodzwe, nswala ndi njiri zimadya m'chigwa momwe udzu udakali wobiriwira. Mvuu zimapanikizana m'maiwe otsala, usiku n'kutuluka kukadya msipu, ndipo ndowe zimene zimabwera nazo m'madzi ndizo manyowa a mtsinje: zimadyetsa tizomera ndi tizilombo timene nsomba zimadya. Pa miyezi itatu imeneyi, zamoyo za dera lalikulu zimadalira kamzere kamodzi ka madzi ndi zomera za m'mbali mwake.

Ng'ona nayo imaikira mazira nthawi yomweyi. Imakumba dzenje mumchenga pamwamba pa gombe, pamene madzi safika, n'kuikamo mazira makumi angapo, n'kukwirira. Kwa miyezi pafupifupi itatu imakhala pafupi, ikulondera ng'azi zimene zimakonda kufukula mazirawo. Kutentha kwa mchenga ndiko kumachititsa kuti ana adzakhale aamuna kapena aakazi. Akayamba kulira mkati mwa zigoba, nthawi zambiri mvula itayamba, mayi wawo amafukula dzenjelo n'kuwanyamula m'kamwa kupita nawo m'madzi osaya a m'bango. Ndikudziwa kuti ku Mangochi ng'ona si nyama yoimvera chisoni. Mabanja ambiri m'mbali mwa Shire anataya wachibale chifukwa cha iyo. Ndaitchula chifukwa ikusonyeza chinthu chimene tichionanso kwa mbalame ndi nsomba: ana a zamoyo zambiri za kuno amayambira moyo wawo m'bango, mvula ikamayamba.

Mbalame ndiye musanene. M'paki ya Liwonde mwalembedwa mitundu yoposa 400. Nkhwazi aliyense amaidziwa, ndi kulira kwake kuja itaweramitsa mutu chagada. Chiswankhono amayenda pang'onopang'ono m'matope akufufuza nkhono. Nantchengwa amamanga chisa chachikulu ngati nkhokwe pamphanda ya mtengo. Mphipi zimamira kuthamangitsa nsomba pansi pa madzi, zikatuluka n'kuyanika mapiko padzuwa. Pali ina imene alendo amaifunafuna ndi makamera, yakuda pamsana, yoyera kumimba, ya mlomo wofiira umene wam'munsi ndi wautali kuposa wam'mwamba. Azungu amaitcha African skimmer. Imauluka chokwawa pamwamba pa madzi, mlomo wam'munsi ukung'amba madzi ngati khasu la ng'ombe, ndipo imaikira mazira pamchenga poyera, pa tizilumba timene timaonekera madzi akatsika. Kenako cha mu Okutobala ndi Novembala kumafika alendo ochokera kutali. Anamzeze ena amene timawaona atandandalika pa mawaya amagetsi amakhala atachokera ku Ulaya, atawoloka chipululu cha Sahara, ndipo usiku amagona m'bango lomweli. Atchete amayamba kuluka zisa zawo zolendewera pamwamba pa madzi, amuna atavala chikasu chawo cha nyengo yoswana.

Koma kwa munthu wa ku Mangochi nkhani yaikulu ndi chambo. Chachimuna chimakonza bwalo lozungulira pamchenga wa pansi pa nyanja n'kuitanirapo chachikazi. Chachikazicho chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, osadya kanthu masiku onsewo. Ana akakhwimako pang'ono, chimapita nawo kumadzi osaya, kumene kuli bango ndi udzu wa m'madzi, n'kuwalavulira kumeneko. Kasawala, ana a chambowo, amakulira m'malo otere, mobisala ku nsomba zolusa. N'chifukwa chake makoka ena amaletsedwa m'miyezi ya kumapeto kwa chaka. Mlamba nawo umadikira madzi oyamba osefukira, n'kukwera kukaswera mu udzu womizidwa. Dambo ndi chikuta cha nyanja. Amene amaliona ngati malo a udzudzu ndi ng'ona chabe, oyenera kutentha ndi kulimapo mpunga mpaka m'madzi, amaiwala kuti ndiwo za mawa zili mmenemo.

Tsono tiyang'ane kumtunda, nyengo yomweyo. Kukatentha, malonda a zoziziritsa kukhosi amakwera. Mafirizesi, madzi ozizira omanga m'timapepala, thobwa la m'mabotolo, tchipisi cha pachiwaya m'kajumbo, mango ndi tomato m'jumbo ina. Pa depoti, pa msika, pa bwalo la mpira, pa ukwati, munthu akamaliza amangotaya pansi. Zina mphepo imazikweza m'mitengo yaminga. Zambiri zimakathera m'ngalande ndi m'makwawa ouma, ndipo anthu ena amachita kunyamula zinyalala zapakhomo kukakhuthula m'khwawa dala, poti ndi malo opanda mwini. Kwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi zimangounjikana, palibe chozisuntha. Makolo anaipatsa mayina mvula yoyamba. Kuli chizimalupsa, imene imazimitsa moto wa m'tchire, ndipo kuli kokalupsa, imene imakokolola phulusa la lupsa kupita nalo kumtsinje. Phulusalo linali chakudya cha dambo. Lero kokalupsa akukoka majumbo a chilimwe chonse m'masiku awiri kapena atatu. Madzi saiwala khwawa, ndipo makwawa a mbali ino amathera m'nyanja, mu Shire kapena m'Malombe.

Apa ndi pamene pagona vuto. Pulasitiki wa miyezi yonse ija amafika m'dambo pa nthawi yeniyeni imene kasawala, ana a ng'ona ndi anapiye a mbalame ali mmenemo. Ndipo bango limagwira ntchito ngati sefa. Madzi akalowa m'bango amachepa liwiro, matope amadikha, madzi amatuluka mbali inayo ali oyera. Umenewu ndi ubwino wa dambo kuyambira kale. Koma sefa sasankha. Masamba ndi mapesi amene wagwira amaola n'kukhala nthaka, pamene jumbo siola. Imakhala pomwepo, chaka chotsatira matope ena amaikwirira, pamwamba pake n'kubwera ina. Amene anakumbapo dimba m'mbali mwa Malombe madzi ataphwa akudziwa kuti khasu limatuluka ndi nsanza za majumbo akalekale, zofwifwa koma zolimbabe.

Chimene pulasitiki amachita m'mimba mwa nyama ndinachionera pa mbuzi. Linali tsiku la msika, pamalo ozingira, ndipo mbuziyo inali yowonda koma yotupa mimba. Bambo amene ankasenda atang'amba chifu, m'malo mwa udzu munatuluka chimpira cholimba, chakuda, chachikulu ngati papaya. Anachidula ndi mpeni kuti tione. Munali majumbo opotana ndi zingwe za thumba la feteleza, atamatirana moti sungawalekanitse ndi zala. Sanadabwe n'komwe. Anangochikankhira pambali ndi phazi n'kupitiriza ntchito, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri ndi kusadabwa kwakeko. Mbuzi ndi ng'ombe zimameza jumbo chifukwa imanunkhira mchere, mafuta kapena madeya. Ikalowa situluka. Imadzaza malo a chakudya, chiweto chimamva ngati chakhuta pamene chikufa ndi njala. Kafukufuku wina wa ku Mponela anapeza kuti ziweto 40 mwa 100 zilizonse zophedwa kumeneko zinali ndi pulasitiki m'mimba.

Nyama zakutchire zodya udzu zilibe nzeru ina yoposa ya mbuzi pa nkhaniyi. Ku Sri Lanka ndi ku Victoria Falls m'dziko la Zimbabwe, njovu zinafapo zitadya mapulasitiki pa malo otayira zinyalala. Njovu yozula bango m'mbali mwa Shire imanyamula mtolo wonse n'kuika m'kamwa, ndi chilichonse chimene chakodwamo. Mbalame zina zimatola ulusi wa matumba n'kulukira m'zisa, ndipo mwanapiye akakodwa mwendo mu ulusi wotere amalephera kuuluka, kapena mwendowo umaduka pamene akukula.

Komabe, mwa mapulasitiki onse amene ali m'madzi athu, amene amapha mwachangu si jumbo. Ndi ukonde. Matchera akale anali a ulusi wopota, okwera mtengo, ndipo msodzi ankakhala tsiku lonse pansi pa mtengo akusoka pong'ambika. Masiku ano kunabwera maukonde a ulusi umodzi woonekera, wonga wa mbedza. Ndi otchipa, nsomba siziwaona m'madzi, ndipo amagwira kwambiri. Malamulo a usodzi amawaletsa, ndipo akuluakulu a za nsomba akawapeza amalanda n'kuwatentha, koma pa madoko ambiri alipobe. Kuipa kwake n'kwakuti sachedwa kung'ambika ndipo kuwasoka n'kovuta, moti ukonde ukakodwa pa chitsa kapena ng'ona ikaung'amba, mwini wake amangoudula n'kuusiya m'madzi. Ukonde wosiyidwawo sudziwa kuti wasiyidwa. Umapitiriza kugwira nsomba. Nsombazo zikafa zimakopa mlamba, nkhanu, nkhasi ndi katumbu, ndipo nazonso zimakodwa. Mphipi ikamira kutsatira nsomba imalowa mutu mu diso la ukonde n'kulephera kubwerera kukapuma. Zonsezo zikaola, ukonde umapepuka, umayandamanso n'kuyambiranso. Ulusi wotere umatha zaka zambirimbiri m'madzi. Onjezanipo mabotolo ndi zidutswa za mapatapata zimene asodzi amamangirira kuti ukonde uyandame, ndi zingwe zoduka.

Palinso maneti a udzudzu. Amagawidwa ulere kuti ateteze amayi apakati ndi ana ku malungo, koma ena amasokedwa pamodzi n'kukhala khoka. Maso ake ndi aang'ono moti palibe kasawala amene angapulumuke, ndipo amakokedwa m'madzi osaya momwe muli chikuta chija. Maneti amenewa ndi pulasitiki wonyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo. Akatha ntchito amatayidwa pagombe pomwepo. Sindinena izi monyoza mayi amene akukoka neti kuti ana ake adye madzulo. Njala ilibe manyazi. Koma neti imodzi yotere imalanda kawiri: mwana amagona osafunda chomuteteza, ndipo nyanja imataya mbewu.

Dzuwa lathu lotenthali limachitanso china chimene maso saona. Jumbo ikakhala padzuwa miyezi ingapo imauma, ukaigwira imafumbutuka ngati tsamba la fodya. Ambiri timati yaola. Sinaole, yangophwanyika. Zidutswazo zimapitiriza kuphwanyika mpaka kukhala tinyenyeswa, ndipo asayansi amaika m'gulu lapadera tizidutswa tosafika mamilimita 5. Tizidutswa totere timayandama pamodzi ndi tizomera ndi tizilombo ta m'madzi, kapena timadikha m'matope. Chambo chimadya posefa madzi ndi kutola za pansi, usipa umadya tizilombo toyandama, ndipo palibe imene ingathe kulekanitsa chakudya ndi kanyenyeswa ka jumbo. Ku Mwanza, m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania, kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza pulasitiki m'matumbo a nsomba imodzi mwa zisanu zilizonse zimene anaziyeza, ndipo zina mwa izo zinali za mtundu wofanana ndi chambo. Chambo timachitumbula tisanaphike. Usipa, kambuzi ndi utaka waung'ono timadya zathunthu, mutu ndi matumbo omwe.

Nkhani ya matenda ndi yapafupi kwambiri. Botolo lodulidwa kapena jumbo yopindika imasunga madzi amvula okwanira kuti udzudzu uswane. Ngalande ikatsekeka ndi zinyalala, madzi amasefukira m'makomo n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi. Matewera otaya, amene tsopano afika ngakhale m'midzi, amanyamula chimbudzi cha mwana mkati mwa pulasitiki n'kuchifikitsa pa doko pamene anthu amatunga madzi ndi kutsuka mbale. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Kolera amabwera ndi madzi oipa, osati ndi jumbo payokha, koma chilichonse chotseka ngalande kapena chonyamula uve kupita kumadzi chimamutsegulira njira.

Zimene zapulumuka m'bango la Malombe ndi la m'paki zimakafika pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, pamene madzi a Shire amayendetsedwa kuyambira 1965. Pamenepo pali chotchinga choyandama chogwira namasupuni, zisumbu za udzu ndi zinyalala, kuti zisakatseke makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ntchito yovuula zimenezi imadya ndalama chaka ndi chaka.

Nanga malamulo akuti chiyani? Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60. Muyeso umenewu ndi wofanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Maganizo ake anali akuti jumbo yopyapyala imang'ambika ukangoigwiritsa ntchito kamodzi, mphepo imaiulutsa mosavuta, ndipo palibe amene angaitole kuti akaigulitse. Makampani opanga mapulasitiki anapita kukhoti, akudandaula za malonda awo ndi ntchito za antchito awo, ndipo lamulolo linaima. Mabungwe oona za chilengedwe anachita zionetsero. Mmodzi mwa amene anatsogolera anali Gloria Majiga-Kamoto, amene nkhaniyi inamukhudza ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya padziko lonse ya zachilengedwe ya Goldman chifukwa cha ntchitoyi. Mu Julayi 2019 khoti la Supreme linagamula kuti chiletsocho chipitirire. Koma makampani ena anabwereranso kukhoti, kutenga ziletso zatsopano, ndipo mlandu unakokedwa zaka zinanso. Kumayambiriro kwa 2025 ndi pamene khoti lalikulu linachotsa chopinga chotsala, bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA n'kuyamba kuyendera mafakitale ndi masitolo. Zaka khumi zinatha choncho. M'zaka zimenezo Kenya analetsa majumbo mu 2017, Tanzania mu 2019, pamene Rwanda anali ataletsa kale mu 2008. Chiwerengero chimene boma ndi mabungwe amatchula n'chakuti dziko lino limatulutsa matani 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo magawo 80 mwa 100 ndi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Werengani mvula khumi za kokalupsa pa muyeso umenewo.

Lamuloli ndi lofunika, ndipo ndikufuna lisabwererenso m'kabati. Koma bwererani pa bango la pansi pa mlatho lija muwerenge zimene zilipo. Botolo silikhudzidwa ndi lamulo la mamaikuloni 60. Thewera ayi, patapata ayi, thumba la feteleza ayi. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti, mowawo unasamukira m'timabotolo, ndipo timabotoloto tadzaza magombe. Komanso jumbo yopyapyala ili ndi mizu m'umphawi wathu. Munthu amene amapeza ya lero lokha sagula botolo la mafuta ophikira. Amagula a supuni zingapo omanga m'kapepala, shuga wa tiyi mmodzi, mchere, sopo waufa, ufa wa nsima imodzi, chilichonse m'kapepala kake. Wogulitsa tomato akapanda kupereka jumbo, kasitomala amasamukira pa benchi ya mnzake. Ndi ife tomwe ogula amene timati, "Amayi, mundiikire m'jumbo," ngakhale tagula anyezi awiri. Chodabwitsa n'chakuti boma lino ndi kwawo kwa mlaza. Mumsewu wopita ku Monkey Bay amisiri amayala madengu, zikwama, mikeka ndi zipewa zoluka bwino kwambiri, ndipo ogula ambiri ndi alendo apagalimoto, pamene ife eni dera tikupita kumsika chimanjamanja.

Ndiye pali funso la kotaya. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndipo ambiri amakhala m'midzi imene galimoto yotola zinyalala sinafikeko. Mayi wosesa pakhomo ali ndi njira zitatu: dzenje, moto kapena khwawa. Dzenje ndi labwino likakhala kutali ndi madzi, koma m'mbali mwa nyanja madzi akakwera, monga anachitira mu 2024 pamene analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, maenjewo amafukuka. Moto umatulutsa utsi wapoizoni, ndipo ambiri timaupuma m'mawa uliwonse poyatsira mbaula ndi jumbo, mwana ali kumsana. Kuuza munthu wotere kuti asataye zinyalala paliponse, osamusonyeza poti ataye, ndi kumunamiza.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kunena mosabisa, kuopa kuti pulasitiki angasenze mlandu wa ena. Chambo cha m'Malombe sichinathe chifukwa cha majumbo. M'zaka za m'ma 1980 nyanjayi inkatulutsa matani zikwizikwi a chambo pachaka, ndipo pofika m'ma 1990 anatsika kufika pa mazana ochepa. Chinachititsa ndi kuchuluka kwa makoka a maso aang'ono, monga nkacha ndi makoka a kambuzi, amene ankagwira ana a chambo ndi kupala pansi pa nyanja mpaka udzu wa m'madzi unatha. Kudula mitengo kumapiri kunawonjezera matope. Mu 2018 bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Pulasitiki wafika pa nyanja yodwala kale, ndipo akugwera pa malo ochepa obisalamo amene anatsala. Koma mbiri yomweyi ili ndi phunziro lothandiza. Kugwa kwa chambo ndi kumene kunachititsa kuti mu 1993 ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kuyambike makomiti a m'madoko, aja timawatcha ma BVC, oti asodzi ndi mafumu aziyang'anira okha nyanja yawo. Ena anagwira ntchito, ena anafooka, koma alipo, amadziwa bwato lililonse pa doko lawo, ndipo ena anapatula malo oswerana nsomba amene munthu saloledwa kuponyamo ukonde.

Ine ndikuona kuti ntchito ya pulasitiki wa m'madzi iyenera kudzera mwa anthu amenewa, pamodzi ndi makomiti a m'misika, mashehe ndi abusa. Komiti imene imadziwa mwini wa ukonde uliwonse ingathe kulamula kuti ukonde wotha ubwere kumtunda, usasiyidwe m'madzi. Ndipo nthawi yogwirira ntchitoyi ndi yodziwika. Timakonda kusesa gombe pamene pali alendo ndi makamera, kutola zimene nyanja yalavula. Si zoipa, koma zimene zafika m'bango la Malombe palibe angazitole: muli ng'ona, muli mvuu, matope ake amamiza munthu mpaka m'chiuno. Pamene jumbo ingagwidwe ndi dzanja, ndi mwana wasukulu yemwe, ndi m'khwawa louma la kuseri kwa msika, mu Seputembala ndi Okutobala, isananyowe. Thumba limodzi lotoledwa pamenepo ndi losavuta kuposa jumbo imodzi yovuulidwa pakati pa gumbwa. Makampani amene amagulitsa zakumwa m'mabotolo apulasitiki nawonso ali ndi gawo lawo. Botolo lagalasi sulipeza m'khwawa, chifukwa lili ndi mtengo ukalibweza pa golosale. Lapulasitiki likanakhala ndi mtengo wotere, ana akanalitola lisanafike pamadzi.

Sabata yathayi ndinadutsa pa kamlatho kena pamsewu wotsikira ku Liwonde, madzulo, kutentha kusanathe. Pansi pake panalibe dontho la madzi. Panali mabotolo, majumbo ndi matewera odzaza mpaka pakamwa pa paipi, ndipo mbuzi ziwiri zinali pamwamba pake zikufwenkha. Kuchokera pamenepo kukafika pa bango la Malombe ndi mtunda woyenda pansi. Kum'mawa, pamwamba pa mapiri a kutsidya kwa nyanja, mitambo inali itayamba kuunjikana, ndipo kunkang'anima.